Mabandeji Oyenera Kusunga Panyumba

M'caka ca 2024, madzi atacepa m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mabanja a ku Kabwata ndi Chelstone, ngakhalenso a ku Woodlands ndi Kabulonga, anabwerera ku mbaula. Pamene pali mbaula, madzi owira ndi ana ang'ono, ngozi siikhala patali. Cipatala ca UTH kapena ca Levy Mwanawasa cingakhale pafupi, koma cilonda cifunika kuphimbidwa munthu asananyamuke panyumba.

Anthu ambiri akalowa m'kemisiti mu Cairo Road agula thonje ndi bandeji imodzi ya kirepi, ndi kuganiza kuti zakwana. Koma zonse ziwirizi siziyenera kukhudza cilonda. Thonje lisiya ulusi womamatira, ndipo anamwino pocotsa, cilonda ciyambanso kukha magazi. Bandeji ya kirepi nchito yake ndi kumanga pamwamba, ndiponso kucirikiza phazi kapena dzanja lobinya.

Coyamba kugula ndi gozi, kansalu kofewa koyera kamene agulitsa m'timapaketi totsekedwa. Kusankha paketi ya kansalu kamodzikamodzi kuli bwino, cifukwa paketi yaikulu ikatsegulidwa, zotsala zilowa fumbi. Wogula ayang'ane tsiku lothera mphamvu, ndipo paketi yobooka kapena yonyowa aikane. Munthu akadziceka ndi mpeni kapena lata, gozi aikidwa pabala ndi kukanikiza kolimba mphindi 10. Magazi akavuukira, osacotsa woyambayo. Kuonjezera wina pamwamba. Bala la msomali wadzimbiri lionedwe kukiliniki cifukwa ca kafumbata.

Zilonda za moto zifuna cisamaliro capadera. Malo opsawo athiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi mafuta ophikira, amene anthu akonda kupaka, sacotsa kutentha ndipo alowetsa dothi m'cilonda. Matuza asaphulitsidwe. Gozi wouma amamatira pa cilonda cotere, motero m'bokosi mukhale gozi wopakidwa mafuta a Vaseline amene agulitsa m'kemisiti. Ngati palibe, pulasitiki yoyera yatsopano igwira nchito kufikira kucipatala. Mwana akapsa kumaso, m'manja, kumalo obisika, kapena malo oposa cikhatho cake, athamangitsidwe kucipatala tsiku lomwelo.

Pulasitala ndi wa timabala ting'ono cabe. Bandeji ya ngodya zitatu yokolekera mkono m'khosi siifuna ndalama: citenje cocapa bwino ca mita imodzi mbali zonse, cikadulidwa copingasa kucokera ku ngodya kufika ku ngodya, cipereka ziwiri. Sizasi, mapini ndi magolovesi zikhalemonso, pakuti magazi a munthu wina sagwiridwa ndi manja cabe.

Pomanga bandeji pali ciyeso capafupi. Cikhadabo ca wovulala cikatsinidwa ciyera, ndipo cikatayidwa ciyenera kufiiranso m'masekondi 2. Cikacedwa, kapena zala zikazizira ndi kucita dzanzi, bandeji yathina kwambiri ndipo imasulidwe ndi kumangidwanso. A Zambia Red Cross Society aphunzitsa kamangidwe kameneka m'maphunziro awo a thandizo loyamba.