Ndege ikanyamuka ulendo wa ku New York: zoyenera kudziwa wotumizidwa pa mlandu wa mankhwala

Mu Novembala 2014 apolisi a ku Kenya anagwira abale awiri, Baktash ndi Ibrahim Akasha, mumzinda wa Mombasa. Anthu amene ankakambirana nawo malonda a heroin anali akazitape a DEA, nthambi ya boma la America yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Kwa zaka ziwiri abalewo anachedwetsa mlandu wowatumiza ku America pomwaza ziphuphu kwa apolisi ndi oweruza, akudziyesa khoswe wokhala pamkhate. Mu Januwale 2017, mlanduwo usanathe, anawakweza ndege ya ku New York. Baktash anagamulidwa zaka 25 mu 2019, Ibrahim zaka 23 mu 2020, ndipo ziphuphu zija zinasanduka mlandu wina pamwamba pa wa mankhwala.

Ndimawerenga kwambiri milandu yotereyi, ndipo chimene chimandiwawa n'choti ambiri amagwa chifukwa cha zomwe anachita m'masiku oyambirira, asanaonane n'komwe ndi woweruza. Tisamaone ngati n'zakutali. Lamulo la America limafikira munthu amene sanapondeko m'dzikolo, bola ankadziwa kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti katunduyo akupita kumeneko. Kupangana kokha ndi mlandu, chilango chake n'chofanana ndi cha amene ananyamula. Malawi, Zambia ndi Kenya anatengera pangano lotumizirana oganiziridwa milandu lomwe Britain inasainirana ndi America mu 1931.

Khoti la kwanu silizenga mlandu weniweniwo. Limangoona ngati munthuyo ndi inuyodi, ngati zomwe akukunenerani zili mlandu m'maiko onse awiri, ndiponso ngati umboni ukukwanira kuti mukayankhe. Komabe mapepala a pamenepo musawataye. Mu 1886 khoti lalikulu la America linaweruza nkhani ya William Rauscher, mkulu wa pasitima yapamadzi amene Britain inamupereka pa mlandu wakupha, koma atafika anamuzenga wozunza wantchito wa m'sitimamo. Khotilo linakana: wotumizidwa mwa pangano azengedwe mlandu wokhawo umene anamutumizira. Loya wanu ayerekeze chikalata chokuperekani ndi milandu imene akukuwerengerani, mzere ndi mzere. Sunganinso masiku onse amene munakhala m'chitokosi kwanu podikira, chifukwa akhoza kuchotsedwa pa zaka zanu.

Kudandaula kuti anakutengani mokuba sikuthandiza kwenikweni. Dokotala Humberto Álvarez Machaín anabedwa ku Guadalajara, Mexico, mu 1990, koma mu 1992 khoti lalikulu linati akhoza kuzengedwa ndithu. Chinamupulumutsa pambuyo pake ndi kuperewera kwa umboni.

Msampha waukulu uli m'ndege. Ulendo ndi wa maola ambiri, mwatopa, muli ndi mantha, ndiye wapolisi wokhala pambali panu akukupatsani madzi n'kumakufunsani za ana anu mwaulemu. Chilichonse chomwe mungayankhe achilemba. Muli ndi ufulu wokhala chete. Nenani momveka kuti mukufuna loya, mukatero tsekani pakamwa. Kunama ndiye koipitsitsa, pakuti kunamiza wapolisi wa boma lalikulu la America ndi mlandu pawokha wofika zaka 5. Mafoni a m'ndende amajambulidwa, ndipo kulankhula Chichewa kapena Chiswahili sikubisa kanthu poti boma limalemba ntchito omasulira. Mnzanu wa m'selo amene akukumverani chisoni akhoza kudzakhala mboni pofuna kuchepetsa zaka zake.

Ngati mulibe ndalama, khoti limakupatsani loya waulere, ndipo ambiri mwa iwo ndi akatswiri chifukwa amagwira milandu imeneyi tsiku ndi tsiku. Womasulira ndi ufulu wanu mwa lamulo la 1978, ndipo pangano la ku Vienna la 1963 limakulolani kupempha kuti kazembe wa dziko lanu auzidwe. Ine loya amene ndimamuopa ndi wolipiridwa ndi bwana wa malondawo. Ntchito yake ingakhale yoonetsetsa kuti simukutchula dzina la bwanayo, ndipo ndalama zochokera ku mankhwala boma likhoza kulanda ngakhale zitaperekedwa kale kwa loya. Belo musaiyembekezere: pa milandu ikuluikulu ya mankhwala lamulo la 1984 limayamba ndi ganizo loti woimbidwa mlandu asatuluke, nanji mlendo wopanda nyumba m'dzikolo.

Oposa 9 mwa anthu 10 aliwonse opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu amachita kuvomera okha mlandu, choncho mkangano weniweni umakhala pa kuchuluka kwa zaka. Kilogalamu imodzi ya heroin kapena makilogalamu 5 a kokeni ndi zaka zosachepera 10. Magalamu 100 a heroin kapena 500 a kokeni ndi zaka zosachepera 5. Njira zotsikira pansi pa malirewa ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu wamng'ono m'gululo, amene sanatsogolere ena, sanagwire mfuti, sanavulaze munthu, alibe mbiri yaikulu ya milandu, ndipo wauza boma zoona zonse za mlandu wake. Yachiwiri ndi kuthandiza boma kugwira ena, monga anachitira Vijay Goswami, mnzawo wa a Akasha, amene anapereka umboni wotsutsana ndi Baktash pamaso pa woweruza Victor Marrero. Apa woimira boma yekha ndiye angapemphe kuti zaka zitsike, ndipo achibale otsala kumudzi akhoza kukhala pangozi. Musalowe m'chipinda chokambirana zimenezi popanda loya ndi mgwirizano wolembedwa.

Chilango chisanaperekedwe, wogwira ntchito kukhoti amalemba lipoti la moyo wanu ndi mlandu wanu. Liwerengeni lonse ndi womasulira. Akakulembani makilogalamu amene simunawadziwe, kapena akakutchani mtsogoleri pomwe munali wotumidwa, zaka zimakwera; tsutsani nthawi yomweyo. Kumasula akaidi msanga mwa parole kunatha pa milandu yochitika kuyambira Novembala 1987. Wakhalidwe labwino amachotseredwa masiku osapitirira 54 pa chaka, ndipo mlendo akamaliza nthawi zambiri amabwezedwa kwawo.

Inu achibale, musathamangire kugulitsa nyumba kapena kusaka wina woti mumupatse kangachepe. Pa foni ya kundende musakambe za mlandu. Sonkhanitsani makalata a kusukulu, a kuchipatala, a kuntchito, a kumpingo kapena kumzikiti, muwatumize kwa loya. Lamulo limamuuza woweruza kuti aganizire mbiri ya munthu amene waima pamaso pake, ndipo mbiri imeneyo amene angaifikitse ku New York ndi inu.