Kufutsa nyama pakhomo: zimene utsi umatha ndi zimene sungathe

Banja likapha mbuzi kapena nkhumba, nyama imachuluka kuposa imene lingadye pa masiku awiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi ndilo limaunikira magetsi, choncho firiji ndi ya ochepa. Kufutsa nyama pamoto ndiyo njira imene makomo ambiri m'mawodi a boma lino amadalira. Njirayi imasunga nyama yabwino kwa milungu ingapo, koma siyeretsa nyama ya chiweto chodwala.

Nyama yaiwisi imaola msanga chifukwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi, ndipo tizilombo toolesa chakudya timaswana m'chinyezi. Pofutsa, zinthu zitatu zimagwirira ntchito pamodzi. Mchere umatulutsa madzi m'nyama, kutentha kwa moto kumaiumitsa, ndipo utsi umapha tizilombo ta pamwamba, umapirikitsa ntchentche ndi kuchedwetsa mafuta kusasa. Pa zitatuzi, chachikulu ndi kuuma. Nyama yoda kunja koma yonyowa mkati imanyenga maso, ndipo pakapita masiku ochepa imagwa mphutsi.

Ntchito iyenera kuyamba tsiku lomwelo chiweto chaphedwa. Mafuta ochuluka achotsedwe, popeza ndiwo amayamba kununkha. Nyama ichekedwe m'zidutswa zazitali, zonenepa ngati chala, kenako ipakidwe mchere, supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa kilogalamu. Zidutswazo ziyalidwe motalikirana pa waya woyera, pamwamba ndithu kuti malawi asazifike, ndipo zizitembenuzidwa pafupipafupi. Moto ukhale wofatsa, wa makala ndi utsi wochepa. Moto waukali umakhwimitsa kunja n'kutsekera madzi mkati, komanso mafuta akamadonthera m'malawi amatulutsa utsi wokhala ndi zinthu zimene zingayambitse khansa. Kawirikawiri ntchitoyi imatenga tsiku limodzi kapena awiri. Nyama yapsa bwino ikathyoledwa, mkati simuoneka chinyezi kapena magazi.

Nkhuni nazo zisankhidwe. Nthambi zouma zothenedwa ku mango kapena gwafa, ngakhalenso zitsononkho, zimapereka utsi wabwino popanda kugwetsa mtengo. Paini ali ndi utomoni wowawitsa nyama, ndipo nkhadze ndi mwavi n'zapoizoni. Matabwa opaka penti, mapolo othira mankhwala ndi mapulasitiki zisayandikire moto wofutsira.

Nyama yofutsa isungidwe m'dengu lopita mphepo, lopachikidwa pamalo pouma monga pamwamba pa moto m'khitchini. M'jumbo imachita thukuta n'kumera chuku. M'nyengo ya dzinja ibwezedwe pamoto pakapita masiku awiri kapena atatu alionse. Pophika iyambe yaviikidwa m'madzi kuti mchere uchepe, kenako iwire mokwanira isanathiridwe nsinjiro kapena tomato.

Pali matenda amene utsi sungawagonjetse. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamakhala ndi moyo m'nyama yofutsa kwa miyezi. Sikadwalitsa munthu, koma chidutswa chimodzi chonyamulidwa kupita kumudzi wina, zotsala zake n'kutayiridwa m'khola, chikhoza kumaliza nkhumba za mudzi wonse, popeza matendawa alibe mankhwala. N'chifukwa chake chiletso choyendetsa nkhumba pa nthawi ya mliri chimakhudzanso nyama yake.

Matenda a anthrax, amene anapha mvuu ku Liwonde m'chaka cha 2018, amagwiranso ng'ombe, mbuzi ndi anthu, ndipo njere zake sizifa ndi mchere kapena utsi. Chiweto chimene chafa mwadzidzidzi, makamaka chikutuluka magazi m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, chisasendedwe, chisadyedwe, ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe msanga. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga nayonso ndi yoopsa: timatuzato ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo moto wofatsa wofutsira suwapha onse.

Ogula nyama yofutsa pamsika achenjerenso, chifukwa ikada ndi utsi n'kovuta kuzindikira chimene chinaphedwa ndi mmene chinafera. Ikakhala ya nyama zakutchire zotetezedwa, lamulo la malo osungira nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limalanga wogulitsa ndi wopezeka nayo yemwe.

Motero kufutsa kwabwino kumayambira m'khola. Banja lofuna kupha chiweto, makamaka ngati gawo la nyamayo ligulitsidwa, liitane mlangizi wa ziweto wa m'dera lake kuti achione chisanaphedwe ndi kuyesa nyama yake mpeni usanayambe kugawa.