Pogula kompyuta ya kaunjika, funsani kaye za Windows yake

Amene muli ndi mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata ku Sadzi ndi m'tauni ya Zomba, pogula kompyuta ya kaunjika musangoyang'ana mtengo. Funsani kaye za pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, chifukwa chitetezo cha ntchito za makasitomala anu chagona pamenepo.

Makompyuta akale ambiri amabwera ndi Windows 7 kapena Windows 10. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene adalembetsa nthawi yoonjezera. Makinawo amayakabe, koma mipata yatsopano yolowera mavairasi satsekanso. Pa shopu pomwe mafulashi a ophunzira amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, kumeneko ndi kugona chitseko chosatseka.

Windows 11 ikusamalidwabe, ndipo imabwera ndi mlonda wake wa mavairasi, Microsoft Defender. Koma imafuna makina okhala ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, komwe makompyuta akale ambiri alibe. Wogulitsa akuonetseni kuti kalipo, komanso kuti Windows yakeyo si yobera.

Njira ina ndi Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Ndi yaulere, imayenda ngakhale pa makina okalamba, ndipo imafunsa pasiwedi musanaike pulogalamu yatsopano. Mavairasi a Windows obwera pa fulashi sagwira ntchito mmenemo. Vuto ndi lakuti kalata yolembedwa mu Word nthawi zina imasokonekera mukaitsegula mu LibreOffice, komanso si printa iliyonse imene imagwirizana nayo. Yesani yanu musanasinthe.

Makompyuta a Apple amakana mapulogalamu osadziwika gwero lake, koma mtengo wake ndi wokwera kwa bizinesi yongoyamba.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu Febuluwale 2024, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kudaima chifukwa akuba a pa intaneti adalowerera makina a boma n'kumafuna dipo.

Choncho ngati ntchito yanu yadalira Word, onjezerani ndalama mugule makina otha kunyamula Windows 11. Ngati thumba laperewera, ikani Linux. Mulimonsemo, sungani mafailo ofunika pa hadi disiki ina, ndipo muziichotsa pa kompyuta mukamaweruka.