Tsabola Wakale Sawawa, Nanga Gitala Yakale ya Besi?

Pa zipangizo zonse zimene gulu la oimba limanyamula popita ku ukwati, kutchalitchi kapena kumsonkhano, palibe chimene anthu amachinyalanyaza koposa gitala ya besi. Maso a anthu amathamangira kwa woimba ndi pakamwa, kwa womenya ng'oma ndi kwa mnyamata wa gitala yaing'ono imene imalira mokweza. Koma mwini besi akangoleka kuliza nsambo zake, ovina amayamba kuyang'anana, pakuti nyimbo imasanduka ngati ndiwo zopanda mchere.

M'boma la Ntcheu, monganso m'maboma ena a dziko lino, makwaya a m'matchalitchi ndi magulu a achinyamata amalakalaka kukhala ndi gitala imeneyi. Yatsopano ya m'sitolo za ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi yodula, motero ambiri amatembenukira ku yakale, imene yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Ndalama zogulira zimachokera kutali. Kwina ndi zopereka za mpingo za miyezi yambiri, kwina ndi phindu la matumba a mbatata ya kachewere ogulitsidwa pamsika wa Lizulu kapena pamphambano ya Tsangano. Wogula akalakwitsa, thukuta la chaka chathunthu limatayika. Akasankha bwino, amapeza chipangizo chimene chingathe kufika kwa adzukulu ake.

Mau a pansi si achilendo m'makutu mwa anthu a ku Ntcheu. Angoni a kwa Gomani akamavina ngoma, monga amachitira pamwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, chimene chimagwira mtima wa woonerera ndi kugunda kwa mapazi a amuna pansi, onse panthawi imodzi, kotero kuti munthu amakumva m'chifuwa asanakumve m'khutu. Ntchito ya besi m'gulu la oimba ndi yomweyo: imaika phazi pansi kuti ena onse adziwe poponda.

Magetsi asanafike m'midzi, anyamata anali atapeza kale njira yawo. Amene ankaimba mabanjo opangidwa ndi zitini za mafuta ankakonzanso babatoni, besi ya nsambo imodzi yokhala ndi mtengo wautali ndi chikopa kapena bokosi lokuza mau. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, amene anaphunzira nyimbo za kwela banja lawo likukhala ku Salisbury, anali ndi besi ya nsambo imodzi m'gulu lawo pamene katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawajambula mu 1967. Babatoni sinafe ayi. Gulu la Madalitso Band linaimba nayo pachikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo pambuyo pake linayenda nayo m'maiko a ku Ulaya.

Besi ya magetsi inabadwira ku America chifukwa cha vuto lofanana ndi limene anyamata a babatoni amalidziwa. Besi yakale ya azungu inali chimphona chotalika ngati munthu wamkulu, chovuta kunyamula, ndipo mau ake ankamira pakati pa malipenga ndi ng'oma. Paul Tutmarc wa ku Seattle anayesa kupanga ya magetsi m'zaka za m'ma 1930, koma sinafale. Amene anapambana ndi Leo Fender wa ku Fullerton ku California, munthu amene anayamba ndi ntchito yokonza mawailesi. Mu 1951 iye anatulutsa Precision Bass, yonyamulika ngati gitala wamba, yokhala ndi timizere tachitsulo pakhosi pake tothandiza woimba kupeza mau enieni. Mu 1960 anaonjezapo ina yotchedwa Jazz Bass. Kufikira lero magitala ambiri a besi amatsanzira ziwirizi, ndipo makampani a ku Japan monga Ibanez anapanga zofanana nazo zambirimbiri m'zaka za m'ma 1970.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Nsambo zinayi zachitsulo zimadutsa pamwamba pa maginito okulungidwa ndi kawaya kamkuwa kopyapyala ngati tsitsi. Nsambo ikanjenjemera, m'kawayamo mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi imene imadutsa m'chingwe kupita ku ampulifaya, ndipo kumeneko imakuzidwa. Nsambo yaikulu koposa zonse imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, ndiye chifukwa chake mau ake amagwedeza mabenchi ndi malata.

Zipangizo zoimbira zachizungu zinalowa m'midzi ya kuno podzera m'njira imene inalowetsanso njinga, magalamafoni ndi makina osokera: ulendo wa amuna opita kukagwira ntchito ku Joni, ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, koma msewu wa kum'mwera sunatsekeke, ndipo mpaka pano katundu wakale wochokera ku Johannesburg amafika pamabasi ndi pamagalimoto. Njira ina inali ya mipingo. Ku Balaka, boma loyandikana ndi Ntcheu, gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, ndipo mwa oimba amene anakulira m'menemo muli Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Nyimbo za ku Balaka, zotsamira kwambiri pa besi monga zimachitira nyimbo za rege, zinaphunzitsa makwaya ambiri a m'chigawo chino kufunika kwa mau a pansi.

Ana a Amalawi obadwira kunja nawonso anaikweza gitala imeneyi. Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva m'dziko la Zimbabwe kwa bambo wochokera ku Malawi, anakhwimira m'gulu la Khiama Boys lotsogozedwa ndi Nicholas Zakaria, nayenso wa magazi a kuno. Atayambitsa gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, anachita chinthu chosowa: mtsogoleri wa gulu, woimba ndi pakamwa, ali ndi besi m'manja, namailiza ngati ikulankhula. Mnyamata amene amaganiza kuti besi ndi ya munthu wobisala kumbuyo ayenera kumvetsera nyimbo za mkulu ameneyu.

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, koma mwambiwu sugwira pa gitala yosamalidwa bwino. Kumaiko a azungu magitala a Fender opangidwa kampaniyo isanagulitsidwe kwa CBS mu 1965 amagulidwa pamtengo woposa wa galimoto. Besi ya Höfner imene Paul McCartney wa gulu la Beatles anagula ku Hamburg mu 1961, pamtengo wa mapaundi pafupifupi 30, inabedwa ku London mu 1972, ndipo anthu anaisakasaka kufikira inabwerera kwa mwini wake, nkhani imene inalengezedwa mu 2024. Komabe wogula wa ku Kasinje kapena ku Bilira asanyengedwe ndi nkhani zoterezi. Ukalamba pawokha si ubwino, ndiponso dzina lolembedwa pamutu pa gitala munthu aliyense angathe kulimata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba kuyang'ana ndi khosi. Wogula aike diso kumutu kwa gitala ndi kuyang'ana motsetsereka, monga amachitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Kupindika pang'ono chakutsogolo si vuto, chifukwa m'kati mwa khosi muli kachitsulo kamene kamamangidwa kapena kumasulidwa ndi kiyi. Koma khosi lopotoka ngati chingwe, kapena limene kachitsulo kake kanathyoka, ndi matenda ovuta kuchiza. Nsambo zikatalikirana kwambiri ndi khosi, zala zimatopa nyimbo isanathe. Zikayandikira kwambiri, zimakhuza timizere tachitsulo ndi kulira ngati njuchi.

Chachiwiri ndi kuiimba isanalumikizidwe ku magetsi, kuyambira kumutu mpaka kumapeto kwa khosi, nsambo iliyonse payokha. Gitala yabwino imamveka m'mimba mwa woinyamula ngakhale popanda ampulifaya, ndipo mau ake satha msanga. Kenaka ailumikize ndi kupotokola timabatani tonse. Phokoso lokhetekheta kawirikawiri limachokera ku fumbi kapena ku kawaya kamene kanaduka, ndipo wokonza mawailesi wa pa Ntcheu boma kapena pa Kampepuza angathe kuwotcherera ndi mtovu pamtengo wochepa. Koma maginito akakhala chete osatulutsa mau konse, wogula adziwe kuti kupeza ena kudzafuna ulendo wa kumzinda ndi ndalama zina.

Chachitatu ndi thupi la gitala. Penti yofufuka ndi zipsera za m'mbali zisamuopse munthu, pakuti zimangosonyeza kuti chipangizocho chinagwira ntchito. Choopsa ndi mng'alu wa pamene khosi limalumikizana ndi thupi, timabowo ta tizilombo tofumbwa mtengo, ndi dzimbiri limene ladya zomangira nsambo. Nambala ya kufakitale imapezeka pamutu kapena pakachitsulo ka kumbuyo kwa khosi, ndipo mwana wa sukulu amene ali ndi foni ya intaneti angathe kuthandiza kufufuza chaka ndi dziko limene gitalayo inapangidwa. Wogula afunsenso kumene wogulitsa anaitenga, chifukwa zipangizo za m'matchalitchi zimabedwa, ndipo wogula katundu wakuba amalowa m'mulandu umene sanaupalamule. Ndi bwino kupita ndi munthu wodziwa kuimba ndiponso kulemberana kalata pamaso pa mboni. Safunsa anadya phula.

Ambiri amaiwala kuti besi popanda ampulifaya ili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Kuilumikiza ku wailesi ya m'nyumba kapena ku kasipika kakang'ono ndi kufuna kung'amba sipikayo, pakuti mau a pansi amafuna sipika yaikulu yopangidwira ntchito imeneyi. Magetsi a dziko lino ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a mavoti 120, motero ampulifaya yakale yochokera kumeneko ingapse nthawi yomweyo ngati yalumikizidwa popanda chotsitsira mphamvu. Kumidzi kumene mawaya a ESCOM sanafike, batire ya galimoto, sola kapena jenereta zimathandiza, koma mtengo wake uyenera kuwerengedwa gitala isanagulidwe.

Nyengo ya ku Ntcheu nayonso ili ndi mau ake pankhaniyi. Kumapiri a Tsangano ndi Lizulu kumazizira ndiponso kumachita nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene kuchigwa cha Bwanje kumatentha koopsa mu Okutobala. Mtengo umafufuma ukamwa chinyezi ndipo umanyala ukauma, kotero gitala yosamuka kuchoka kumtunda kupita kuchigwa ingasinthe khosi m'masabata ochepa. Isasiyidwe padzuwa, pafupi ndi moto, kapena kutsamira khoma ladothi kumene chiswe chimayenda. Malo ake ndi m'chikwama chake kapena pamsomali, itapachikidwa ndi kumutu. Woimba apukute nsambo ndi kansalu kouma akatha kuimba, chifukwa thukuta ndilo limaitana dzimbiri. Nsambo zikafooka mau, oimba odziwa kusunga ndalama amaziwiritsa m'madzi kwa mphindi zingapo ndi kuziumitsa bwino, ndipo zimatsitsimuka kwa kanthawi.

Pali chinthu china chomvetsa chisoni. M'nyumba zina ndi m'zipinda zosungiramo katundu za mipingo muli magitala amene eni ake anamwalira kapena anakalamba. Ana, posadziwa, amawasiya padenga kuti adyedwe ndi chiswe, ena amawapatsa ana kuti aziseweretsa, enanso amawasinthanitsa ndi foni imene idzafe chaka chisanathe. Pamodzi ndi gitala yotero pamatayikanso mbiri ya munthu amene anaivutikira kumigodi kapena kumafamu a fodya, ndi ya maukwati onse amene inavinitsa. Banja limene lili ndi chipangizo chotere lichite bwino kufunsa odziwa lisanachitaye, ndipo ngati palibe woimba pabanjapo, kwaya ya pamudzi ingachilandire ndi manja awiri.

Chisangalalo cha besi n'chosiyana ndi cha zipangizo zina. Woiimba saombedwa m'manja kawirikawiri, ndipo dzina lake silitchulidwa pawailesi. Mphoto yake ndi kuona amayi a kwaya akusuntha mapazi mofanana, kapena nkhalamba imene inakhala phee pampando ikuyamba kugwedeza mutu. Amaphunzira kumvera womenya ng'oma, kusiya mpata pakati pa mau, ndi kudziletsa pamene zala zikufuna kuthamanga. Mnyamata amene anayambira pa babatoni amafika pa nsambo zinayi ali ndi khutu lokhwima kale, ndipo chimene amaonjeza ndi kuzolowera zala basi.

Ku Ulaya gitala yakale ya mtengo wapatali nthawi zina imatsekeredwa m'kabati yagalasi, anthu namaiyang'ana osaikhudza. Ku Ntcheu mtengo wake umayesedwa ndi ntchito: Loweruka ku ukwati, Lamulungu kutchalitchi, ndipo pakati pa sabata m'manja mwa mwana amene akuphunzira. Wogula amene wayang'ana khosi, wamvetsera mau, wafunsa kumene yachokera ndi kuwerengera za ampulifaya, sadzadandaula ndi ndalama zake, ngakhale gitalayo ikhale yopanda dzina lotchuka.