Nkhondo ya m'chigoba cha nkhono

Ana inu a kwa Mbenje, mukudziwa tinkhono tija timamatirira pansi pa masamba a namasupuni m'madambo a mtsinje wa Shire? Tina n'tosaposa chikhadabo cha chala chanu chachikulu. Aphunzitsi anakuuzani kale kuti timeneti ndi tomwe timasunga likodzo, ndipo sananame. Koma kodi munamvapo zoti nkhonoyo nayonso imadwala likodzolo, ndiponso kuti imalimbana nalo?

Nkhaniyi imayamba munthu wodwala likodzo akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi. Mazira a nyongolotsi za likodzo amaswa m'madzimo, n'kutuluka tizilombo tosaoneka ndi maso. Kachilomboko kamakhala pa liwiro, chifukwa kakapanda kupeza nkhono m'maola ochepa, kamafa. Kakaipeza, kamaboola thupi lake lofewa n'kulowa. Nkhondo imayambira pamenepo.

M'magazi a nkhono muli maselo oyendayenda amene akatswiri amawatchula kuti mahemosaiti. Ife tingowatcha alonda. Alondawa akapeza mlendo, amamuunjirira mbali zonse ngati linthumbu pa chiwala, n'kumuthira mankhwala owotcha mpaka afe. Vuto n'lakuti alondawa alibe maso. Ndiye angasiyanitse bwanji mdani ndi mnofu wa nkhono yomwe?

Apa ndi pamene pamabwera mapuloteni. Musaganize za nyemba ndi usipa zokha ayi. Zamoyo zonse zimapanga mapuloteni awoawo, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. M'chaka cha 1997, Coen Adema, Eric Loker ndi anzawo a pa yunivesite ya New Mexico ku America analengeza kuti apeza mapuloteni ena amene amachuluka m'magazi a nkhono ikalowedwa ndi tinyongolotsi. Anawapatsa dzina lachidule loti FREP. Nkhono imene ankaipima ndi Biomphalaria glabrata ya ku South America, msuweni wake wa Biomphalaria pfeifferi yomwe ili kuno ku Malawi.

Ntchito ya FREP ndi kumata. Imakakamira pa khungu la kachilomboko monga mmene chisoso chimamatira pa kabudula, ndipo alonda aja amadziwa kuti uyu ndi wogwidwa. Pambuyo pake akatswiri a ku Perpignan, ku France, anapezanso puloteni ina, biomphalysin, imene ntchito yake ndi kuboola timabowo pa thupi la mdaniyo.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Inu mukabayitsa katemera, thupi lanu limapanga maantibodi, asilikali amene amaloweza nkhope ya matenda n'kuikumbukira zaka zambiri. Nkhono ilibe maantibodi. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankaganiza kuti chitetezo cha zamoyo zopanda msana n'chachisawawa. Kenaka zinadziwika kuti nkhono imasinthasintha kapangidwe ka FREP wake, moti nkhono ziwiri za m'thamanda limodzi sizikhala ndi mapuloteni ofanana ndendende. Nako kachilombo ka likodzo n'kochenjera: kamadzikuta ndi mapuloteni oterera amene amasiyananso kachilombo ndi kachilombo. Zili ngati loko ndi kiyi. Kiyi wa nkhono akalowa, kachilombo kafa. Akakana, kapulumuka.

Kakapulumuka, nkhono ili pa mavuto. Kachilombo kamodzi kaja kamaswana m'kati mwake, kumadya chakudya chake, mpaka nkhonoyo imachepetsa kapena kusiyiratu kuikira mazira. Pakatha mwezi umodzi kapena kuposerapo, mumayamba kutuluka tizilombo ta michira zikwizikwi, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Si ndiyo nthawi yomwe kutentha kwa ku Nsanje kumakuthamangitsirani kukasambira? Tizilomboti timalowa pakhungu osaluma n'komwe. Ndiye kuti mwana akayamba kukodza magazi, kwinakwake kuli nkhono imene inagonja. Nkhono za likodzo la m'chikhodzodzo zimatchedwa Bulinus, pomwe Biomphalaria amasunga likodzo la m'matumbo.

Udzudzu nawo uli ndi zake. Udzudzu wa Anopheles uli ndi puloteni yotchedwa TEP1, imene imapha tizilombo tambiri ta malungo tikamadutsa khoma la m'mimba mwake. Tochepa timene timatsalato ndi tomwe timakugonekani pa mphasa. Nanga nkhono zikuluzikulu zapamtunda, zotuluka mvula ikagwa? Mamina aja zimasiya m'njira ali ndi puloteni yopha mabakiteriya. Magazi ake ndi obiriwira ngati thambo, chifukwa amanyamula mpweya ndi kopa, pomwe athu amanyamula ndi ayironi. Chodabwitsa n'chakuti tinkhono ta likodzo tili ndi magazi ofiira ngati ife.

Akatswiri akufufuzabe mapuloteni a nkhono za likodzo aja, poganiza kuti tsiku lina angathandize nkhono kupambana nkhondoyi kawirikawiri. Tsikulo silinafike. Pakali pano, azaumoyo akabwera kusukulu ndi mapiritsi a praziquantel, idyani kaye chakudya ndipo mumwe osabisa kumkhwapa. Mukamva mkodzo muli kudambo, pirirani mpaka mukafike kuchimbudzi, ndipo mng'ono wanu mumuuzenso chimodzimodzi.