BP imalowa osaodira

Azakhali anga a ku Chimwankhunda anasiya kumwa mankhwala a BP osauza aliyense. Nditawafunsa, anandiyankha akusenda mbatata pakhonde: "Mwanawe, mutu unaleka kuwawa, m'thupi muli myaa. Ndizimweranji?" Sindinawadzudzule. Tonse tinazolowera malungo: wamwa LA masiku atatu, wachira, zatha.

Kuthamanga kwa magazi sikuyenda motero. Mutu ungawawe BP ili bwinobwino, ndipo BP ingakwere munthu akuseka pa ukwati. Chodziwira chake ndi lamba wa pamkono uja basi. Munthu amayamba wakhala pansi mphindi zisanu, osalankhula, kenako n'kuyezedwa, ndipo manambala akamafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, vuto lilipo. Mapiritsi monga HCT ndi amlodipine sazula matendawa. Amatsitsa BP tsiku limene mwamwalo. Azakhali ankamva bwino chifukwa mankhwalawo ankagwira ntchito, ndipo atasiya, magazi anayambiranso kukankha mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso mwakachetechete. Zimandipweteka kuti munthu akadzuka mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, abale amayamba kulozana zala za ufiti, pomwe imeneyo ndi sitiroko yofunika kuthamangira nayo kuchipatala cha Queen Elizabeth nthawi yomweyo.

Ena amati BP ndi ya mabwana onenepa a ku Namiwawa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali nayo, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri sankamwa mankhwala. Woonda nayenso imamugwira.

Adyo ndi chamwamba ndi zakudya zabwino, idyani, koma zisalowe m'malo mwa mapiritsi. Chofunika kuchiyang'anitsitsa kukhitchini ndi mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa m'ndiwo, m'buledi ndi m'tchipisi. Zokometsera ndiwo za m'timapaketi ndi soda wa m'therere nazonso zili ndi sodium, chinthu cha mu mchere chimene chimakweza BP. Wophika akachepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera, ndipo banja lonse lidye mphika umodzi, wodwala asaoneke wosalidwa.

Azakhali anadzaulula kuti chinawasiyitsa kwenikweni ndi mapazi amene ankatupa. Amlodipine amatero kwa ena, ndipo adokotala akauzidwa amatha kusintha mankhwala. Tinatenga buku lawo la kuchipatala n'kupita kuchipatala cha Zingwangwa m'mamawa. Pano mapiritsi awo amakhala pafupi ndi chitini cha masamba a tiyi, ndipo mdzukulu wawo ndi amene amafunsa madzi akangowira: "Agogo, mwamwa?"