Woyenda wayenda, koma ndalama alandire ndani?

Novembala akamayandikira, timaluwa tofiira timayamba kuoneka pa majekete a akuluakulu, ndipo kwa masiku angapo dziko limakumbuka kuti lili ndi asilikali opuma komanso amasiye a asilikali. Mwezi womwewu mu 2018, asilikali athu 6 osungitsa mtendere anaphedwa pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa DRC. Mu Januwale 2025 ena atatu anatsamira mkono nkhondo itakolera chakufupi ndi Goma. Maliro otere amayenda mwaulemu wonse, mbendera pabokosi, mfuti zikulira kumanda. Mavuto amayamba galimoto za boma zikabwerera.

Kumayiko a chipale chofewa, anzake a msilikali wakufa kapena wolumala ali ndi njira yawo yopemphera thandizo. Amavala ma ski, n'kumangirira katundu m'chiuno, n'kumukoka masiku ambiri pachisanu choumitsa zala. Ku Norway ena amatsata njira ya ku Hardangervidda, kumene asilikali apadera anadzera nthawi yomwe anakaphulitsa fakitale ya ku Vemork mu Febuluwale 1943. Mu Disembala 2013 gulu la asilikali ovulala kunkhondo linafika mpaka ku South Pole. Woona kuzunzikako amapisa m'thumba.

Kuno chipale kulibe, koma zitunda zilipo. Ku Luwawa, kum'mwera kwa mapiri a Viphya, anthu anazolowera kuona alendo akudzivutitsa dala: ena pa mpikisano wa njinga za kapalasa m'nkhalango ya paini, ena kutsetsereka wapansi masiku angapo kulowera kunyanja, mbali ya ku Chintheche. Zachilendo ndi kuona mwana wa konkuno akuchita zomwezo.

Tinakumana naye pamsewu wafumbi wochokera kudamu la Luwawa kupita ku M1. Ndi bambo wa imvi, sajeni wopuma, woyendabe chowongoka ngati akuonedwa ndi bwana. Jombo zake n'zomwe anapuma nazo ntchito, zosokedwasokedwa, pansi pake atamatapo tayala. Kumsana kunali chikwama cholemera, ndipo m'mbuyo mwake mwana wa mlongo wake ankakankha njinga yonyamula chigubu cha madzi, kathumba ka ufa ndi kampoto kakuda bii. Ulendo unali wa ku boma la Mzimba, kugona m'njira, pofuna kupeza fizi ya ana awiri a mnzake yemwe anafera pantchito kunja kwa dziko.

Chuma chake chenicheni ndi kope la ana asukulu lokutidwa m'jumbo. M'menemo muli mizere yojambula ndi rula: dzina, mudzi, ndalama. Wina K500, wina K2,000. Mayi wogulitsa tomato ku Jenda analembetsa ndowa ya mbatata ya kachewere, ndipo sajeni analemba choncho, ndowa imodzi, podikira kuti igulidwe. Manambala onenepa ali patsamba lakelake, la anyamata a ku Mzimba ali ku Joni, omwe amatumiza pafoni akaona chithunzi chake pa WhatsApp. Popuma anavula jombo, n'kupaka mafuta pa matuza awiri a kuchidendene, osasinya nkhope. Lole ya matabwa itaima kuti imutenge, anaithokoza m'Chitumbuka n'kuiuza ipitirire. Anthu analipira kuti ayende, osati akwere.

Za kuyendako palibe akutsutsa. Mkangano uli pa dzanja lolandira.

Mayi wa anawo anachoka kunyumba ya kubalaki maliro atatha, monga zimakhalira, n'kukakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Patapita nthawi anasamukira pa tauni pomwe amagulitsa kaunjika, ana ali nawo. Iye akuti wodziwa kuti nsapato ya mwana yang'ambika ndi amene amagona naye nyumba imodzi, choncho ndalama zibwere kwa iye. Alamu ake, mkulu wa malemuyo, akuona mwina. Ku Mzimba ukwati ndi wa lobola, ndipo ng'ombe zikapita, ana amawerengedwa a kuchimuna. Kwa iwo, thandizo lobwera m'dzina la m'bale wawo liyenera kulowera pakhomo la bambo, iwo n'kuligawa monga mutu wa banja. Kupereka kwa mlamu wawo mwachindunji akukutenga ngati kuwanyoza pamaso pa mudzi, makamaka poti mayiyo ndi wachitsikana ndipo tsiku lina angakwatiwenso.

Si nkhani yoseketsa, ndipo si onse akuchimuna ali adyera. Alipo abambo aakulu m'boma la Mzimba omwe aphunzitsa ana a abale awo mpaka kuyunivesite pogulitsa ng'ombe zawo. Koma amayi ambiri amasiye akudziwanso mmene ndalama za imfa zimasungunukira zikalowa m'msonkhano wa banja: malata a nyumba ya uje, ngongole ya uje, mwala wa pamanda wodula kuposa fizi ya chaka chonse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komatu zopereka za anthu akufuna kwabwino si chuma chomwe malemu anasiya. Apa lamulo silimuthandiza kwenikweni woyenda, amatsala ndi nzeru zake.

Sajeni anasankha kusapatsa aliyense. Akuti akafika ku Mzimba akalipira yekha kubanki mu akaunti za sukulu za anawo, malisiti n'kuwajambula kuti aone onse olembedwa m'kope. Mbali zonse zadandaula. Mayi akuti mwana sadya lisiti, pamafunikanso sopo ndi ndalama ya m'thumba. Alamu akuti mlendo walowerera za m'banja la eni. Ife tikuona kuti sajeni walasa: mayi wa tomato uja sanapereke mbatata yake kuti ikagamule mlandu wa lobola, anapereka kuti mwana akhale m'kalasi.

Ena pa Jenda anafunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu wokalamba azitupa mapazi pa ntchito yomwe ndi ya boma. Funso lomveka, koma mphunzitsi wamkulu akamabweza ana a ngongole sadikira yankho lake.

Chomwe chinatidabwitsa m'njira ndi kuchepa kwa mthunzi. Nkhalango ya Viphya, yomwe inadzalidwa pa mahekitala 53,000, yadyeka ndi macheka ndi moto wolusa, moti zitunda zambiri zangotsala zitsa zakuda. Sajeni ankanyamuka kusanache kuti dzuwa likamakula akhale atapha mtunda. Akuti chaka chamawa adzayenda mu Juni, nthawi yozizira.